Sitima Siima pa Sogol

Sogol, 12 Malichi 1979

Okondedwa achimwene a Dal-su,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Daeguko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine mlongo wanu Mal-sun ndili bwino, koma bambo ayi.

Lachinayi anagwa m'munda wa mapichesi akudulira nthambi. Ndinawapeza atagona chammbali, pakamwa patapotoka. Dzanja lamanja lafa, mwendo akuchita kuukoka, ndipo mawu akutuluka ngati a munthu amene wabwira mbatata yamoto. Dokotala uja anali pafupi ndi siteshoni anasamukira ku Busan chaka chatha, choncho ndinathamangira kwa wogulitsa mankhwala. Anandifunsa kuti, "Alongo ako ali kuti?" Ndinati wina ku Daegu, wina ku Busan. Anaseka. "Ndiye kwa ine ukufunako chiyani? Ola limodzi uku, ola limodzi uko. Anzako mwayi wotere amachita kuupempherera."

Achimwene, pa ana atatufe woyamba ndinu. Tiwatengere kuti? Ndekha sindingathe kuwakweza sitima, ndipo m'mudzi muno simunatsale mwamuna wa msana wolimba. Onse anamezedwa ndi mizinda yanuyo.

Nkhani ina ndi iyi. A Ha Yong-chil, aja amanyamula mapichesi pa kagalimoto ka mawilo atatu, abweranso kudzandifunsira. Aka n'kachitatu. Ndawauza kuti ayambe adikira. Mwezi watha ndakwanitsa zaka 31. Sikuti ndikudandaula, ndikungokukumbutsani.

Yankhani msanga.

Mlongo wanu,
Mal-sun

*

Daegu, 24 Malichi 1979

Mal-sun,

Kalata yako ndalandira, ndipo kuno tonse tili bwino. Usachite mantha. Matenda amenewa sapha msanga. Apongozi a mnzanga wa kufakitale akhala nawo zaka zisanu ndi ziwiri.

Ukudziwa kuti nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, ana atatu, wamkulu akukonzekera mayeso. Kufakitale nako ndikachoka tsiku limodzi lokha, nsalu zonse zimatuluka zokhota. Komanso aliyense amadziwa kuti mankhwala abwino ochokera kunja amayamba atsikira pa doko la Busan. Lembera Gi-tae.

Za a Ha, mwana wamkazi sathamangira ukwati bambo ake ali chigonere. Anthu angatinene.

Alamu ako akuti msuzi wa soya wa mumtsuko uja watha. Utitumizire wina a Ha akamabwera kumsika.

Mlongo wako,
Dal-su

*

Busan, 5 Epulo 1979

Kachitsirizira kathu,

Uli bwanji? Kodi ukanali wakuda ndi dzuwa ngati mtsuko? Kuno tili gwa, kupatula alamu ako amene ali ndi pakati ndipo chilichonse chikuwanunkha, ine ndemwe.

Za bambo ndamva chisoni kwambiri. Koma akuti bwanji achimwene akuluwo? Busan? Paja ng'ombe ija bambo anagulitsa inaphunzitsa ndani? Ine ndinangolandira nsapato zawo zakutha. Ndapita pa siteshoni kukaona ndandanda wa sitima. Kuchoka ku Sogol kufika ku Daegu ndi mphindi 55, kufika kuno ndi ola ndi mphindi khumi. Waona? Ngakhale sitima ikumudziwa mwana woyamba.

Tandiuza chinthu china. Kudoko kuno ndamva kuti kampani ina ikufuna malo pakati pa mizinda iwiriyi, m'mbali mwa njanji, oti imangepo nyumba zosungiramo katundu. Kodi anthu ovala mataye afikako ku Sogol? Munda wathu uja paja unachita kugundana ndi njanji.

Bambo uziwasisita dzanjalo ndi madzi ofunda.

Mlongo wako wokongola kuposa winayo,
Gi-tae

*

Sogol, 26 Epulo 1979

Achimwene a Dal-su,

Moni nonse. Soya munalandira? Simunanene.

Bambo tsopano akuyenda ndi ndodo. Mapichesi atachita maluwa anadzikoka okha mpaka kumunda, n'kumagwira mtengo uliwonse ndi dzanja lamanzere. Mawu amene atsala nawo ndi ochepa: "madzi", "mitengo", "kwathu". Nthawi zina amandiitana dzina la malemu mayi. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, kupopera mitengo, kukonza nazale ya mpunga, zonse ndi manja awiri omwewa.

A Ha akuti anakuonani Lamlungu ku Busan, pa msika wa nsomba, mukudya ndi achimwene a Gi-tae mukuseka. Poyamba ndinawatsutsa. Kenaka ndinaganiza kuti ngati ndi zoona, ndiye kuti munakwera sitima yothamanga ija yosaima pano, ndipo munadutsa pa munda wathu kawiri, popita ndi pobwerera. Tsiku limenelo bambo anakhala pa mpando m'mundamo kuyambira m'mawa. Kaya munakhala mbali ya zenera iti.

Mal-sun

*

Daegu, 9 Meyi 1979

Mlongo wanga wokondedwa,

Moni kuchokera kwa tonse. Kalata yako inandibaya mumtima. Ku Busan ndinapitadi, koma ndinapitira nkhani ya bambo yomweyo. Ine ndi Gi-tae tagwirizana kuti wavutika mokwana.

Ndibwera Loweruka pa 19 kudzawatenga. Azikhala kuno, aonane ndi madokotala enieni. Uwakonzere zovala, ndipo usaiwale chidindo chawo cha dzina chija amasunga m'kabokosi, chifukwa kuchipatala kuno sachita kanthu popanda chidindo.

A Ha uwavomere. Ndi munthu wolimbikira ntchito. Ine monga mwana woyamba ndavomereza.

Mlongo wako,
Dal-su

*

Sogol, 27 Meyi 1979

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji nonse? Nanga bambo? Ndikulemba ndi manyazi. Ndinakuganizirani zoipa, mundikhululukire. Mmene munawaberekera bambo kumsana pokwera sitima, amayi a pa sitolo ya pa siteshoni anati, "Mwana woyamba ndi woyamba basi," ine misozi ili mbwembwembwe.

A Ha ndawavomera. Atamva anavula chipewa n'kuchivalanso katatu. Ukwati udzakhala tikakolola mpunga.

Alamu muwauze izi. Supuni aziwapatsira ku dzanja lamanzere, akawadyetsa ngati mwana amakana. Akati "madzi" nthawi zina amatanthauza kuchimbudzi. Chitseko cha chipinda chawo chizikhala chotsegula pang'ono, akatsekeredwa amanjenjemera.

Ine ndili kalikiliki kuveka mapichesi timapepala kuti mbalame zisajomphe. Abereka kwambiri chaka chino. Bambo muwauze zimenezo, asangalala. Dokotala wati chiyani?

Mlongo wanu,
Mal-sun

*

Sogol, 18 Juni 1979

Achimwene,

Moni. Masabata atatu apita, yankho palibe. Bambo ali bwanji?

Lero m'mawa ndapeza amuna anayi m'munda mwathu akukhoma timitengo ta nsalu zofiira. Ndinati, "Mwasochera, uno ndi munda wa bambo anga, a Pyo." Wamkulu wawo anati, "Unali wa a Pyo, mayi." Anatulutsa pepala. Pansi pake pali chidindo cha bambo, chofiira, chopendekeka, ndipo pambali pali mayina anu awiri ngati mboni. Akuti nyumba nayo ili momwemo. Anandiuza mwaulemu ndithu kuti mapichesi a chaka chino ndithyole, mitengo adzadula mu Ogasiti.

Ndinafunsa kuti, "Mudzadzalamo chiyani?" Anaseka. "Simenti, mayi."

Achimwene, ndiuzeni kuti pepalalo ndi labodza.

Mal-sun

*

Daegu, 27 Juni 1979

Alamu,

Moni. Achimwene anu alibe nthawi, ndiye ndati ndilembe ndine, Geum-rye.

Mukufunsa za apongozi. Akudya, mwinanso kuposa ana anga. Kuchipatala tinapita nawo kamodzi, dokotala anati palibe chochita. Malangizo anu aja ndinawerenga, zikomo aphunzitsi, koma munaiwala kulemba kuti amadziyipitsira. M'nyumba muno mukununkha, mwana wanga wa mayeso akukawerengera kwa anzake.

Tsiku lililonse amavala nsapato n'kukaima pakhomo, "Mitengo, mitengo." Lachiwiri anatizemba. Tinakawapeza pa msewu waukulu akuthirira mtengo wa boma ndi ketulo yanga, ana a sukulu atawazungulira. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anati, "Mwalemba ntchito wa m'dimba, anzathu?" Kuyambira tsiku limenelo timawakhomera.

Za munda, inde unagulitsidwa. Ana aamuna awiri anagwirizana, mwini wake anadinda. Dzanja linkanjenjemera, ndiye achimwene anu anangothandiza kuligwira. Inu mukulirira chiyani? Mwana wamkazi ndi wa kwa eni, mawa lomweli mukhala wa kwa a Ha. Malo ngati Sogol ndi ongodutsapo, alamu. Mwayi wake ndi woti ali pakati pa mizinda, apo ayi ndani akanagula miyala imeneyo?

Tsono popeza a ku Busan analandira gawo lofanana ndi lathu, alandirenso apongozi. Ine miyezi iwiri ikakwana ndamaliza.

Mapichesi akapsa mutitumizire oyambirira.

Mlamu wanu,
Geum-rye

*

Daegu, Lachinayi, 19 Julayi 1979

Gi-tae,

Moni. Makalata anga awiri sunayankhe, ndiye ndatenga kuti wavomera. Miyezi yathu iwiri yakwana. Loweruka likubwerali, pa 21, bambo ndiwakweza sitima yothamanga yonyamuka kuno 12 koloko masana. Ifika kwanuko cha m'ma 2 koloko. Ine sindingawaperekeze, kufakitale kukubwera alendo. Palibe chovuta, sitimayo siima paliponse pamene angasochere. Ndiwamangirira kapepala pa malaya, ndipo ndipempha amene akhale nawo pafupi kuti awayang'anire. Iwe ukangoima pa siteshoni.

Mal-sun usamuuze kaye, achita phokoso.

Mkulu wako,
Dal-su

*

Busan, Lolemba, 23 Julayi 1979

Achimwene,

Moni, bwana wa nsalu! Makalata anu atatu andipeza lero pamodzi. Ndinaiwala kukuuzani kuti tinasamuka mwezi watha, tinagula kanyumba kumtunda, nyanja ikuonekera pa zenera. Makalata amatsakamira kunyumba yakale.

Loweruka lanulo ladutsa kale, ndiye ndikhulupirira kuti mutaona kuti ndili chete munawasunga bambo. Mwachita bwino. Alamu anu atsala masabata awiri kuti achire, muno simungalowe wodwala. Onjezerani mwezi umodzi, kapena iwiri. Paja mwazolowerana nawo.

Muwapatse moni. Muwauze kuti Gi-tae adzawadyetsa nsomba mpaka adzayankhule chizungu.

Mng'ono wanu,
Gi-tae

*

Sogol, 26 Julayi 1979

Achimwene a Gi-tae,

Adiresi yanu yatsopano andipezera a Ha kudoko. Telegalamu imene apolisi anakutumizirani inapita kunyumba yakale. Bambo tinawaika m'manda Lolemba, pambali pa mayi.

Loweruka cha m'ma 1 koloko masana ndinali pa makwerero ndikuthyola mapichesi. Sitima yothamanga yochokera ku Daegu inatuluka m'phanga lija la pansi pa phiri. Ndinaona chinthu choyera chikugwa pakhomo pa sitimayo n'kugubuduka pa miyala ya njanji. Ndinayesa kuti wina wataya mtolo wa zovala. Palibe anandiuza kuti bambo ali m'sitima imeneyo. Ndinapitiriza kuthyola mpaka dengu linadzaza. Achimwene, ndinayamba ndadzaza dengu.

Nditapita kukaona, ndinazindikira nsapato. Pa malaya panali kapepala ka dzanja la achimwene a Dal-su: "Chonde muwatsitse ku Busan." Sanafere pomwepo. A Ha, amene ankapakira madengu, anathamangira kukaitana anthu, ine ndinawaika mutu pa miyendo yanga. Anakhala ndi moyo ngati theka la ola.

Mayi wina amene anakhala nawo mpando umodzi anafotokozera apolisi. Akuti bambo anakhala phee ulendo wonse, mazira awiri owiritsa ali pa miyendo. Sitima itatuluka m'phangamo anayang'ana pa zenera n'kuimirira. "Kwathu," anatero. Mayiyo anati, "Khalani pansi agogo, ino siima pa timidzi." Asilikali ena achinyamata anaseka, wina nati, "Kauzeni woyendetsa, mwina ndi mnzanu!" Bambo anagwedeza mutu ngati amva, anatenga ndodo yawo n'kulowera kukhomo. Kunja kunkatentha, ndiye chitseko chinali chotsegula. Mayiyo ankayesa kuti akupita kuchimbudzi.

Achimwene a Dal-su anafika Lamlungu pa sitima yoima paliponse. Anavala chiguduli cha maliro n'kulira mokweza kuposa aliyense. Agogo a m'mudzi ankangowayang'ana. Anabwerera Lolemba lomwelo, chifukwa Lachiwiri kunali ntchito. Anauza anthu kuti mlandu ndi wanu, poti munasamuka osanena. Ine ndikuti ngakhale mukanaima pa siteshoni ya Busan ndi ng'oma, bambo sakanafikako.

Mal-sun

*

Busan, 10 Ogasiti 1979

Mal-sun mlongo wanga,

Moni. Chilandirire kalata yako sindikudya bwino. Munthu wopha bambo akudziwika. Ndani amakweza nkhalamba yosayankhula m'sitima yokha ngati thumba la anyezi? Ine kalata sindinaione, Mulungu ndi mboni. Kumanda ndibwera zinthu zikakhala pansi.

Alamu ako achira, mwana wamwamuna. Mphuno ndi ya bambo yeniyeni.

Ndinakumana ndi a Ha pa msika. Akuti pamene ankathamanga anamva bambo akuyankhula nawe. Ananena chiyani? Ananditchula? Usandibisire.

Ndamvanso kuti ukwati waimitsidwa chifukwa cha maliro, ndipo nyumba akugwetsa. Bwera kuno. Kachipinda ka kukhitchini kalipo. Uzithandiza alamu ako ndi khandali, chifukwa atsikana antchito a masiku ano ndi akuba. Udzaona nyanja tsiku lililonse. Usapite ku Daegu, akakusandutsa kapolo.

Mlongo wako,
Gi-tae

*

Daegu, 11 Ogasiti 1979

Mal-sun,

Moni kuchokera kwa tonse. Ndikhulupirira kuti mtima wayamba kukhala pansi. Zinachitikazo zinalembedwa. Gi-tae akanakhala munthu woyankha makalata, bwenzi titakonza mwina.

Monga mutu wa banja tsopano, ndalamula kuti ubwere kuno. Alamu ako apeza malo ogulitsirapo nsalu pa msika, ndiye pakufunika munthu wophikira ana ndi kuchapa. Chipinda chimene ankagona bambo tachitsuka. Zaka zonsezi wakhala kumudzi, nawe ulaweko moyo wa mumzinda. Mitsuko ya soya ubwere nayo.

Wapolisi uja anandiuza kuti unali nawo mpaka pomaliza. Pa maliro sindinafune kufunsa pa anthu. Kodi ananenapo kanthu za ine? Sindikugona bwino. Undiuze zoona zokhazokha.

Mlongo wako,
Dal-su

*

Sogol, 20 Ogasiti 1979

Achimwene a Dal-su ndi achimwene a Gi-tae,

Moni nonse. Kalata iyi ndalemba ziwiri zofanana, kuti wina asadzati mnzake anauzidwa zambiri.

Makalata anu anafika tsiku limodzi. Wa positi anati, "Lero mizinda yonse iwiri yakukumbuka." Bambo ankasowa powagoneka. Ine wa manja awiri amoyo zipinda zapezeka ziwiri.

Mitengo anadula Lolemba lapitalo. Inatenga tsiku limodzi ndi theka. Nyumba agwetsa mawa.

Za ukwati, sunaimitsidwe, watha. Amayi a a Ha anabwera okha. Anati, "Chaka chathunthu cha maliro mwana wanga sangadikire, wadikira kale zitatu. Komanso pano mapichesi atha, azinyamula chiyani?" Awapezera mkazi ku Busan, mwana wa mwini magalimoto. A Ha anaima panja osalowa. Sindikuwada.

Kwa inu sindibwera, uku kapena uko. Omanga aja akufuna wowaphikira, amuna makumi anayi, ndipo andilemba. Khitchini aimika pamene panali chitsime chathu. Ndizigona kuseri kwa sitolo ya pa siteshoni. Mitsuko ya soya ndapita nayo kuntchito.

Tsono funso lanu lija. Inde, bambo anayankhula. Mawu anatuluka bwinobwino, ngati kale asanadwale, mpaka ndinachita mantha. Anatchula dzina la mmodzi wa inu, n'kunena chinthu chimodzi chokhudza iyeyo. Anachibwereza kawiri kuti ndimve. Winayo sanamutchule n'komwe. A Ha anali kutali, anangomva liwu. Mawuwo ndinamva ndekha.

Sindikuuzani kuti anatchula ndani, kapena ngati linali dalitso. Musadzandifunsenso, ngakhale pa tsiku langa lomaliza. Chaka chilichonse pa tsiku lokumbukira bambo, mukawayalira chakudya n'kugwada limodzi kutsogolo kwake, muziyang'anana.

Mal-sun